Madzi a mchere ndi funso la mwana wa msodzi

Papita nthawi ndisanalembe, mundikhululukire, mukudziwa nokha mmene teremu ino imatipanikizira. Lero ndabwera ndi nkhani yaitaliko pang'ono, ndiye pezani pokhala.

Pa tebulo langa mu stafu rumu pali chinthu chimene chakhala chikudabwitsa anzanga. Kutalika kwake ndi mita imodzi, kunenepa kwake ngati munsi waung'ono, ndipo mbali ina chinachekedwa ndi sowo moti m'kati mukuoneka timapepala ta pulasitiki topindidwa ngati mkeka. Mnzanga wa Masamu anafunsa ngati si bomba. Si bomba ayi. Chinthuchi chachokera ku Cape Town, ndipo chandipeza chifukwa cha funso limene ndinakana kuyankha mu 2011.

Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa Bayoloje Fomu 3. Tinafika pa mutu wa osmosis, ndipo monga mwa chizolowezi ndinatuma ana kuti abwere ndi mbatata ya kachewere. Inu amene munalipo mukukumbukira: timasenda mbatata, timaboola kadzenje pakati, timathiramo mchere, kenako timaikhazika m'mbale ya madzi. Pakapita kanthawi kadzenje kaja kamadzaza. Madzi achoka kumene kulibe mchere, adutsa m'maselo a mbatata, apita kumene kuli mchere wambiri. Amayi athu amazidziwa izi popanda buku. Ukathira mchere pa mlamba wong'amba, umayamba kutuluka madzi.

Mnyamata wina wokhala kumbuyo, wochokera chakufupi ndi doko la Swang'oma, anakweza dzanja. Dzina lake sinditchula, wandipempha yekha.

"Aphunzitsi, ngati madzi amalondola mchere chonchi, palibe njira yowabwezera m'mbuyo kuti mchere utsale wokha? Mjigo wa kwathu umatuluka madzi a mchere."

Kalasi inaseka. Ine ndinayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Zimenezo sizibwera pa mayeso a MSCE. Khala pansi ulembe notsi." Zoona zake n'zakuti yankho sindinkalidziwa, ndipo ndinachita manyazi kuvomera pamaso pa ana.

Mnyamatayu sankafunsa mwachibwana. Kwa inu amene simulidziwa bwino dera lino, nyanja ya Chilwa ilibe potulukira. Mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala, Thondwe ndi Domasi imathiramo, koma palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, ndipo dzuwa limatenga madzi okha, mchere limausiya. N'chifukwa chake nyanjayi ikamaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, madzi otsalawo amanka nachuluka mchere. Mijigo ina ya m'chigwa chozungulira nyanjayi nayo imatulutsa madzi oti sopo sachita thovu ndipo tiyi sakoma ngakhale uthire shuga wochuluka bwanji.

Bambo ake a mnyamatayu anali msodzi, mmodzi mwa aja amakhala miyezi yathunthu m'zimbowera, timisasa toyandama tomangidwa pa udzu wa njedza m'kati mwa nyanja. Kumeneko kulibe mjigo, kulibe chimbudzi. Madzi akumwa, ophikira ndi odzithandiziramo ndi amodzimodzi. Kumapeto kwa 2015 matenda a kolera anabuka pa nyanjayi n'kugwira anthu m'maboma onse atatu oizungulira, Machinga, Zomba ndi Phalombe. Kumayambiriro kwa 2016 a zaumoyo anapita ndi katemera wakumwa mpaka ku zimbowera, ndipo poti asodzi n'ngovuta kuwapeza kachiwiri, ena ankapatsidwa kabotolo kachiwiri kuti adzamwe okha pakatha masabata awiri. Katemerayu anafika bambo aja ataikidwa kale m'manda. Anayamba kutsegula m'mimba usiku, ndipo pamene anzawo ankafika nawo kumtunda pa bwato, madzi anali atatha m'thupi.

Atatha maliro, mnyamata uja anakwera basi ya ku Joni ngati anzake ambiri a kuno. Anakathera ku Hout Bay, doko lina la ku Cape Town kumene kumakhala Amalawi ambiri ndithu. Anayamba ndi ganyu wotsuka maboti. Mwini boti lina la matanga ataona kuti mnyamatayu saopa madzi ndipo sazemba ntchito, anamutenga kuti aziyenda naye. Izi zonse ine sindinkazidziwa. Ndazimva Disembala wathayu pamene anabwera kudzaona mayi ake. Anandipeza pakhonde ndikusonkha mbaula, anavula chipewa, tinapatsana moni, kenako anatulutsa chinthu chija m'chikwama.

"Aphunzitsi, ndabwera ndi yankho la funso lija."

Ine funsolo ndinali nditaliiwala. Iye sanaliiwale.

Anandifotokozera motere. Maboti oyenda maulendo aatali pa nyanja yaikulu ya mchere sangasenze madzi okwanira ulendo wonse, ndiye ambiri ali ndi makina otchedwa watermaker, opanga madzi akumwa kuchokera ku madzi a m'nyanja momwemo. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere wokwana magalamu 35, pafupifupi masupuni aakulu awiri. Munthu akamwa, ludzu limangowonjezereka. Mtima wa makinawa ndi chinthu chili pa tebulo langachi, chimene m'kalasi timachitcha membrane. Pa Chichewa tingoti nembanemba, ngati kachikopa kopyapyala kaja kamakhala m'kati mwa chigoba cha dzira. Imalola madzi kudutsa koma mchere imaukaniza.

Mukaisiya yokha pakati pa madzi abwino ndi madzi a m'nyanja, madzi abwino amalondola mchere monga m'mbatata muja, ndipo amakoka ndi mphamvu ya ma bar pafupifupi 27. Pampu ya makinawa imakankha madzi a mchere ndi mphamvu yoposa pamenepo, cha m'ma bar 55. Kuti mumvetse kukula kwake, tayala la galimoto yaing'ono timalipopa ma bar awiri ndi pang'ono chabe. Akakanikizidwa chonchi, madzi amabwerera m'mbuyo, amadutsa nembanemba n'kutulukira mbali inayo ali abwino. Pa magawo 100 alionse a mchere, magawo 99 amatsala n'kutayidwira m'nyanja pamodzi ndi madzi ambiri amene sanadutse. Dzina lake ndi reverse osmosis, kutanthauza osmosis yobwerera m'mbuyo, ndendende zimene mwana uja anafunsa. Ndafufuza n'kupeza kuti akatswiri awiri, Sidney Loeb ndi Srinivasa Sourirajan, anapanga nembanemba yoyamba yogwira bwino ntchito imeneyi pa yunivesite ya California ku Los Angeles cha m'ma 1960. Ndiye kuti tsiku limene ndinkamuuza mwana wa eni kuti akhale pansi, yankho linali litakhalapo kale zaka 50.

Ndinaombera m'manja n'kunena kuti azungu ndi anzeru. Iye anaseka.

"Aphunzitsi, kuyatsa makinawa ngakhale mwana wa Sitandade 5 angathe. Ntchito yanga ine ndi kuwasamala kuti mawa adzayakenso."

Apa anatulutsa kope la chikuto cholimba, lodetsedwa ndi girisi, mmene amalemba tsiku lililonse limene wagwira makinawo. Zimene anandiwerengera m'kopemo ndi zimene zandichititsa kulemba nkhaniyi.

Choyamba, madzi asanafike pa nembanemba amadutsa m'masefa awiri. Yoyamba imakola zinyalala za ma micron 20, yachiwiri za ma micron 5. Tsitsi la munthu ndi lonenepa ma micron pafupifupi 70, ndiye onani kuchepa kwake. Masefawa amada msanga, ndipo akada pampu imavutika kukoka madzi, choncho amawayang'ana pafupipafupi ndi kuwasintha. Pa doko sayatsa makina n'komwe, chifukwa madzi a pa doko amakhala ndi dizilo ndi oyilo, ndipo mafuta akamata nembanemba imaonongeka.

Chachiwiri, akangomaliza kupanga madzi amatsukuluza makina onse ndi madzi abwino a m'thanki. Madzi a m'nyanja ndi amoyo, muli tizilombo ndi ndere zosaoneka ndi maso. Akawasiya m'makina masiku ochepa chabe, tizilomboto timaswana, tina timafa n'kuola, ndipo ukadzayatsa pamatuluka fungo la mazira ovunda. Pa nembanemba pamamera zoterera ngati therere, madzi n'kumalephera kudutsa. Ngakhale boti litangokhala pa doko osapita kulikonse, sabata iliyonse amatsukuluza.

Chachitatu, boti likaima miyezi, amathira m'makinamo mankhwala osungira otchedwa sodium metabisulphite osungunula m'madzi, kuti tizilombo tisamere. Nembanemba siiyenera kuuma ngakhale pang'ono, ikauma yatha ntchito. Podzayambanso ulendo, madzi oyamba kutuluka amawataya kwa mphindi pafupifupi 30 kuti mankhwala aja atheretu.

Chachinayi ndi kutsuka kwenikweni. Madzi otuluka akachepa ndi magawo 10 kapena 15 pa 100, ndiye kuti mwina nembanemba yada. Ndikuti mwina chifukwa madzi ozizira nawo amachedwa kudutsa, ndipo nyanja ya ku Cape Town ndi yozizira kwambiri. Munthu wopanda kope angathamangire kutsuka chinthu choyera kale. Litsiro lake lilipo la mitundu iwiri, mankhwalanso awiri. Zoterera zija zimachoka ndi mankhwala a alkali. Zoyera zolimba, ngati zija zimamata pansi pa ketulo, zimachoka ndi asidi wofatsa monga citric acid, yemwe uja amapezeka m'mandimu. Amasungunula mankhwala m'ndowa, amawayendetsa m'makina mozungulira popanda kukanikiza, amatsukuluza, kenako ndi pamene amathira enawo. Awiriwa sasakaniza. Ndipo satsuka mwachisawawa, chifukwa kutsuka kulikonse kumaidya nembanemba pang'ono.

Chachisanu chinandidabwitsa koposa. Mdani wamkulu wa nembanemba ndi klorini, yemwe uja alangizi a zaumoyo amatigawira kuti tizithira m'zidebe. Pulasitiki wopyapyala amene amakaniza mchere amadyeka ndi klorini, ndipo akadyeka palibe mankhwala omubwezera. Madzi a pa mpopi wa m'tauni amakhala ndi klorini, choncho madzi otsukuluzira amayamba adutsa mu sefa ya makala imene imamuchotsa. Sefa ya makalayo nayo imatopa, imafunika kusintha pakatha miyezi ingapo.

Ndinamufunsa kuti nanga iyi wandibweretserayi inafa bwanji. Anakhala chete kanthawi.

"Ndinaipha ndine, aphunzitsi."

Boti lawo linakhala pa doko nyengo yonse yozizira. Iye sanaphonye sabata ndi imodzi yomwe, ankatsukuluza mokhulupirika ndi madzi a m'thanki, amene ankadzaza kuchokera pa mpopi wa pa doko. Chimene anaiwala ndi kusintha sefa ya makala. Ndiye kuti sabata iliyonse, uku akudziona ngati wakhama, ankaimwetsa nembanemba klorini. Kenako ananyamuka anthu anayi kupita ku chilumba cha St Helena, ulendo wa makilomita oposa 3,000, pafupifupi masabata awiri osaona mtunda. Atayatsa makina pakati pa nyanja, madzi anatuluka ambiri kuposa masiku onse. Iye anasangalala, anawalowetsa m'thanki osawayeza. Chikomekome cha mkuyu! Nembanemba yodyeka ndi klorini imatulutsa madzi ambiri chifukwa mchere nawo ukudutsa. Anazindikira m'mawa mwake atalawa tiyi. Thanki imodzi mwa ziwiri inali itaonongeka.

Masiku otsalawo anagawana madzi ndi kapu. Kusamba kunaletsedwa, mbale ankatsuka ndi madzi a m'nyanja. Mwini boti sanamukalipire, anangomupatsa kope lija n'kumuuza kuti kuyambira tsiku limenelo azilemba chilichonse, ndi tsiku lake. Mnyamatayu akuti usiku, ili nthawi yake yolondera, ankaganiza za bambo ake m'chimbowera muja, ndipo ankadzifunsa kuti iye amene anapita kusukulu wasiyana nawo pati.

Kuyambira pamenepo salowetsa madzi m'thanki asanawayeze. Ali ndi kachipangizo konga cholembera kamene ukakaviika m'kapu kamaonetsa kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzimo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati madzi a mamiligalamu osafika 600 pa lita amamweka bwino, ndipo akadutsa 1,000 amayamba kuvuta kumwa. Tsiku lotsatira tinapalasa njinga kupita ku mjigo wa kwawo uja, womwe uja wa mu 2011. Nambala inadutsa malire achiwiriwo. Amayi amene tinawapeza akutunga anatiseka, amvekere, "Mwavutikiranji kubwera ndi makina, mukanangolawa."

Pobwerera ndinali nditatentheka mutu. Ndinati tilembe kalata, tipemphe mabungwe atigulire makina oterewa, ena tikaike ku zimbowera, ena pa mijigo ya mchere. Mwana wanga wa sukulu anandibweza mwaulemu.

"Aphunzitsi, madzi a pa Chilwa ndi amatope. Masefa aja angatsekeke tsiku lomwelo. Akatha mukawagula kuti, pa Migowi kapena pa Chiringa? Komanso bambo anga sanafe ndi mchere. Anafa ndi kachilombo kamene kamafa ndi klorini wa ndalama zochepa. Klorini amene ndi mdani ku ntchito kwanga, ku zimbowera ndiye mpulumutsi."

Pa za mijigo anavomera kuti n'zotheka, pakuti madzi a pansi si amchere ngati a m'nyanja yaikulu, ndiye safuna pampu yamphamvu kwambiri, ndipo magetsi a dzuwa angathe kuiyendetsa. Koma anandifunsa funso limodzi: adzasunge kope ndani?

Funsoli linandilasa, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Walira mvula walira matope. Ife kuno timadziwa kulira mvula, matope ndiye timathawa. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba kunayamba ntchito ya mipopi ya madzi otsika okha kuchokera m'mapiri, opanda injini, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ntchitoyi inafika kuno kwathu. Makolo athu anakumba okha ngalande ndi makasu, makilomita ambirimbiri, kuti madzi a m'phiri afike m'midzi. Ine ndakula ndikumwa madzi amenewo. Ndi zoona kuti Napolo wa mu 1991 ndi namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anaononga zambiri. Koma tinene chilungamo, mipopi ina sinaphedwe ndi Napolo. Inafa ndi kampira kotha ka pa mpopi kamene panalibe wokasintha, ndi masamba otseka pamene madzi amalowera m'paipi amene panalibe wokachotsa.

Ndisaloze ena chala. Ine ndine msungichuma wa komiti ya mjigo wa pafupi ndi nyumba yanga. Mjigowu ndi wa mtundu wa Afridev, umene anaukonza dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi sipanala, n'kusintha timipira ndi tipulasitiki timene timatha. Nditafika kunyumba madzulo amenewo ndinafunafuna kope la komiti. Ndinalipeza pansi pa mapepala a mayeso akale. Mzere womaliza kulembedwamo unali wa zaka ziwiri zapitazo. Chigwiriro cha mjigo chinali chitayamba kale kugwedera ndi kulira, ndipo tonse, ine ndemwe, tinkangoti udakatuluka madzi. Timadikira kuti ufe kaye, amayi abwerere ku zitsime za m'dambo, kenako tiyambe kuyenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ndalama. Tisaiwale kuti kolera wa mu 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Masabata amene mjigo wafa ndi amene matenda otere amalowera.

Loweruka lotsatira tinaumasula mjigo uja, mnyamatayu akutithandiza. Zimene tinasintha zinakwana m'dzanja limodzi. Ndalemba tsiku lake m'kope, ndipo ndalembanso tsiku limene tidzaumasulenso, ngakhale udzakhale ukutuluka madzi bwinobwino.

Asanabwerere ku Cape Town ndinamupempha kuti adzayankhule ndi Fomu 3 ya chaka chino. Anabwera sabata yotsegulira sukulu. Ndisanamupatse choko ndinawauza ana zimene ndinachita mu 2011, ndipo ndinamupepesa pamaso pawo. Iye anachita manyazi kuposa ine. Anafunyulula timapepala ta nembanemba ija, ana anatigwira, anatiyang'ana pa dzuwa kufuna kuona timabowo, osationa. Kenako mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja.

"Pa boti mchere wotsalawo mumautayira m'nyanja. Nanga makinawo titawaika pa mjigo, tidzautayira kuti?"

Mlendo wathu anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso. Nthawi inali itatha, ndipo mawu akale aja anafika pakamwa. Ndinawameza. Ndinalemba funsolo pa ngodya ya bolodi n'kuletsa aliyense kulifufuta, ndipo ndinawauza kuti tonse, ine ndi iwo, tibwere ndi yankho Lachisanu. Tinalipeza. Madzi otsalawo amakhala amchere kuposa oyamba aja, moti ukawataya pansi amapha dimba ndipo amatha kubwerera m'madzi a pansi omwewo. Kumadera akutali ndi nyanja njira imodzi ndi kuwathira m'dziwe loyala pulasitiki pansi kuti aphwe ndi dzuwa, mchere utsale pamwamba. Mtsikana uja anati ndiye kuti tikhala tikupanga ka Chilwa kakang'ono kuseri kwa mjigo. Sindinapeze chomutsutsa.

Aziphunzitsi anzanga, silabasi ndi yaitali ndipo nthawi ndi yochepa, ndikudziwa. Koma mwana akafunsa za mjigo wa kwawo, za munda wa kwawo, za matenda amene anatenga bambo ake, musamukhazike pansi monga ndinachitira ine. Ngodya ya bolodi siidya ndalama. Timawaphunzitsa tokha kuti safunsa anadya phula, ndiye tisakhale ife owadyetsa phulalo.

Inu ana anga amene muli ku Joni, ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina, mukamatumiza ndalama kumudzi mufunseko kuti mjigo wa kwanu anaumasula liti, ndipo kope lake akusunga ndani. Ngati lilipo funso limene ndinakukanizani m'kalasi ndipo mwalipezera yankho kumene muliko, bwerani nalo. Choko ndikupatsani.

Ndatha ine mphunzitsi wanu, kuno kutsinde kwa phiri la Michesi.